Tobiyasi, Mdani wa Tobiyasi

Ikani mpirawo pansi, atsikana, miyendo ipume. Mwambi wa lero ndiutchula kumapeto, chifukwa ndikautchula pano muyamba kundithandiza kufotokoza. Koma unayamba motere, pabwalo lomwe lino la simenti mwakhalapoli. Ena adzakuuzani kuti ndi wa makolo, unachokera kwa mlenje wina kumapiri. Muwafunse ngati analipo. Ine ndinalipo, ndi wezulo pakamwa, poti woimbira masewero tsikulo ndinali ine.

Chinali chaka chimene ligi yathu ya basiketibo inayamba kulipira osewera mwezi ndi mwezi. Kale tinkasewera chifukwa cha chikondi, tikatopa n'kumwa thobwa. Koma chaka chimenecho kunatulukira makampani awiri opanga zakumwa zimene amati zimabwezera mphamvu m'thupi. Ina inali Dumpha, ya botolo lofiira, mwini wake a Matewere. Ina inali Liwiro, ya botolo lobiriwira, mwini wake mayi Nachisale. Ine ndinalawa zonse ziwiri, ndipo mpaka lero sindinganene kuti zinkasiyana pati, kupatula utoto wotsalira pa lilime. Dumpha inatenga timu ya Akambuku, Liwiro inatenga timu ya Njati, ndipo eni ake awiriwo akakumana sankapatsana moni.

Nkhondo yawo yeniyeni sinali pabwalo koma pa Fesibuku. Musandifunse zambiri, inu ndi amene mumagona nazo zimenezo. Chimene ndikudziwa n'chakuti kampani iliyonse inali ndi tsamba lake, ndipo pankafunika munthu wolembapo ngati kuti botolo ndi limene likulankhula. A Matewere sankadziwa n'potsegulira pomwe, choncho ntchitoyo anaipereka kwa mkamwini wawo, Tobiyasi Kamphonje. Tobiyasi anakwatira Felesiya, mwana wa mlongo wawo, ndipo ankhoswe a banjalo anali a Matewere omwewo. Ndiye kuti ntchito ya Tobiyasi ndi banja la Tobiyasi zonse zinali m'dzanja la munthu mmodzi.

"Mkamwini, foni iyi ndi ya kampani," anatero a Matewere. "Koma musauze munthu kuti wolemba ndinu. Mayi uja akadziwa adzakunyengererani."

Tobiyasi analonjeza. Kulemba ankatha, pamenepo sindingamunamizire. Tsamba la Dumpha linatchuka msanga, moti mayi Nachisale anayamba kufunsafunsa m'tauni ngati kuli mnyamata wina wakuthwa pakamwa. Wina wosadziwa kanthu anawalozera Tobiyasi yemweyo. Anamuitanira ku ofesi kwawo n'kumupatsa foni yofanana ndendende ndi yoyamba ija, mwina anagula sitolo imodzi.

"Koma a Kamphonje, musauze munthu kuti wolemba ndinu," anatero mayi Nachisale. "Bambo uja akadziwa adzakubani."

Munthu wanzeru akanathokoza n'kubweza foniyo. Tobiyasi anaganiza mwa mtundu wake. Anati, awa andiuza kuti ndisanene, awanso andiuza kuti ndisanene, ndiye ndikakhala chete ndamvera onse awiri, bodza lili pati? Anapita kumsika n'kugula makava awiri ovekera mafoniwo, ina yofiira, ina yobiriwira. Foni yofiira inkakhala m'thumba lakumanja, yobiriwira lakumanzere. Nambala ya mayi Nachisale anaisunga ndi dzina loti Madamu, kuti wina akaona asadziwe.

Apa ndi pamene mutu wanga umayamba kuzungulira, choncho mverani bwino. M'mawa Tobiyasi ankatulutsa foni yofiira n'kulemba kuti, "Njati zikumwa Liwiro, n'chifukwa chake zikumathamanga kwambiri pobwerera kwawo zikagonja." Masana ankatulutsa yobiriwira n'kuyankha kuti, "Akambuku amadumpha ndithu. Tsiku lina wina awauze kuti mpira umayenera kulowa mu ring'i." Madzulo yofiira ija inkabwezanso. Anthu ankawerengerana m'minibasi, kuseka mpaka kupitirira posikira. Mabotolo ankatha m'magolosale. Mzinda wonse unkadziwa kuti kuli anyamata awiri odana kwambiri, ndipo ena ankalumbira kuti anawaona akugwirana malaya ku Limbe.

Vuto linali lakuti Tobiyasi anali munthu wosachedwa kupsa mtima. Tsiku lina m'mawa Felesiya anamupeza atangokhala, tiyi akuzizira, mbatata osaikhudza.

"Bambo a Tawina, nkhope yatani?"

"Ndi munthu uja wa ku Liwiro," anatero Tobiyasi. "Walemba kuti wolemba wa Dumpha anaphunzira Chichewa pa zikwangwani za minibasi."

"Musiyeni ameneyo, alibe mwambo."

"Mwambo ali nawo. Kungoti akakwiya salankhula bwino."

"Mukumudziwa?"

"Ayi, sindikumudziwa. Koma ndimamumvetsa."

Felesiya anamumvera chisoni mwamuna wake, namuonjezera shuga mu tiyi. Mawu amene ankamuwawawo anali atawalemba yekha dzulo lake, atakhala pa mpando womwewo.

Posakhalitsa a Matewere anamuitana. Anatseka chitseko, nakhosomola, ngati mmene amachitira ankhoswe akafuna kunena zowawa.

"Mkamwini, ndinene chilungamo. Mnyamata wa ku Liwiro uja akukuposani. Inu mumayesetsa, koma iye uja ali ndi mphatso. Mundifufuzire kuti ndani. Ndikufuna ndimulembe ntchito, inu muzimuthandiza."

Tobiyasi anatuluka mu ofesimo mtima ukuwawa. Inali nsanje yeniyeni, yosowetsa tulo ija. Anayamba kufooketsa dala zolemba za foni yobiriwira kuti mnzakeyo aone polekera, n'kunola za yofiira. Sipanatenge nthawi, mayi Nachisale anaimba.

"A Kamphonje, wa ku Dumpha uja akukupondani pakhosi. Kodi mukudwala? Mundipezere munthu ameneyo, ndikufuna ndilankhule naye. Mwina mungaphunzireko kanthu."

Choncho Tobiyasi anatumidwa kawiri kukafunafuna munthu amene ankamuona pagalasi pometa ndevu. Ndipo kufuna ankafunadi, poti a Matewere ankamufunsa pafupipafupi kuti zili pati.

"Ndamuonako kamodzi, amalume, chakumbuyo," anatero tsiku lina.

"Ndi wotani?"

"Msinkhu ngati wangawu."

"Nkhope?"

"Wooneka bwino ndithu. Koma ndi wonyada, simungagwirizane naye."

Tsopano tibwere kwa Felesiya, chifukwa mkazi sapusitsidwa ndi matumba awiri. Iye ankadziwa foni imodzi, ya kampani ya amalume ake. Koma anaona kuti pali inanso, imene ikalira mwamuna wake amathamangira kuseri kwa nyumba n'kumalankhula motsitsa mawu. Tsiku lina inalira ili patebulo, ndipo pagalasi pake panatuluka dzina loti Madamu. Felesiya sanakuwe, sanaswe mbale. Anangosunga mumtima, koma zinkamupweteka kwambiri.

M'mawa wa tsiku la masewero omaliza, Akambuku ndi Njati kulimbirana chikho, Tobiyasi analowa kubafa n'kusiya mafoni onse pabedi. Felesiya anayesa kuwatsegula, manambala achinsinsi anamukanika. Anakumbukira kuti amuna amabisa zithunzi kuseri kwa kava, choncho anavula makava onse awiri. Sanapezemo kanthu. Atamva chitseko cha bafa chikutseguka anabwezera mofulumira, ndipo poti mafoniwo anali ofanana, kava yofiira inapita pa foni ya Liwiro, yobiriwira pa foni ya Dumpha.

"Lero ndipita nanu kubwalo," anatero Felesiya. "Ndili ndi mawu ndi amalume."

"Mawu anji, mayi a Tawina?"

"A Madamu."

Tobiyasi anaima ndi thaulo m'manja, mantha atamugwira. Akalola kuti Madamu ndi chibwenzi, banja latha. Akaulula kuti Madamu ndi mwini Liwiro, ndiye kuti ankhoswe amene akanalikonza banjalo ndi omwe wakhala akuwadyera masuku pamutu. Anafuna njira yachitatu, sanaipeze.

"Tikambirana mpira ukatha," anatero, naika yofiira kumanja, yobiriwira kumanzere.

Tsiku limenelo bwalo lino linadzaza, ena anakwera pa mpanda. Kunkatentha kutentha kwa mwezi wa Novembala, koitana mvula kuja. Makampani aja anakhoma matenti awo kumbali uko kuli mthethe, lofiira apa, lobiriwira apo, pakati n'kutsala kampata kodutsa munthu mmodzi. A Matewere ndi Felesiya anakhala mu lofiira. Mayi Nachisale anakhala mu lobiriwira. Tobiyasi anasankha kampata kaja, ndipo bwana aliyense pomuona ankagwedeza mutu mokhutira, poganiza kuti mnyamata wake akubisala monga anamulangizira.

Mpira unali wovuta, zigoli zinkangosinthana. Nthawi itatsala pang'ono kutha, matimu ali ofanana, Yowasi wa Akambuku, mnyamata wamtali ngati mlongoti, anadumpha kuti aponye, ndipo wa Njati anamugunda pamkono. Kumugunda anamugunda, ndinaona ndi maso angawa. Ndinaimba wezulo. Yowasi anaima pamzere, naponya, mpira unazungulira pa ring'i n'kulowa. Masewero anathera pomwepo, chikho n'kupita kwa Akambuku.

Bwalo lonse linaphulika, koma Tobiyasi analibe nthawi yovina. Pa ntchito yakeyo wochedwa ndiye wagonja. Dzuwa linkawala pagalasi la foni moti zilembo zinkaoneka movutikira, koma iye ankadalira mtundu wa kava. Anatulutsa yofiira n'kulemba kuti, "Chikho chabwera kwathu. Amene mukumwabe Liwiro dziwani kuti imathamangitsa m'mimba mokha. Imwani Dumpha." Anatumiza. Anatulutsa yobiriwira n'kulemba kuti, "Chikho mwatenga ndi wezulo, osati ndi madzi otsukira mbale aja mumati Dumpha. Nkhalamba yoimbira ija muigulire magalasi." Anatumizanso, napuma mpweya wa munthu amene wagwira ntchito yabwino.

Nkhalamba yoimbirayo ndinali ine, ndipo nthawi imeneyo ndinalibe imvi ndi imodzi yomwe. Zimenezo sindinakhululuke, koma si nkhani ya lero.

Chimene ndinaona ndili pakati pa bwalo ndi ichi. Nyimbo zinayamba kuzilala, mbali ino kenako mbali iyo. Anthu anaweramira m'mafoni mwawo, wina n'kumasuzumira mwa mnzake. Tsamba la Liwiro linali likuuza dziko kuti Liwiro imatsegula m'mimba. Tsamba la Dumpha, timu yake itangotenga chikho, linali likulira kuti chikhocho n'chakuba.

"A Liwiro akuti tizimwa Dumpha," anatero bambo wina pafupi nane.

"Ayi, werengani bwino," anatero mnzake. "A Dumpha ndi amene akuti Dumpha ndi madzi otsukira mbale."

"Ndiye tizimwa chiyani?"

"Funso si limenelo. Wapambana ndani?"

Anabwera kudzandifunsa ine ngati zotsatira zasintha. Ndinati sizinasinthe, koma kunena zoona nanenso ndinayang'ana pa bolodi kuti nditsimikize. Yowasi anali ataima kutsogolo kwa ojambula, chikho dzanja lino, botolo lofiira dzanja linalo, osadziwa kuti akweze chiti. Mayi wina ananunkhiza botolo lake lobiriwira n'kuliika pansi pang'onopang'ono. Ena ankati makampani aphatikizana. Ena ankati ndi ufiti wa pa intaneti. Palibe amene anaona kuti mitambo yakuda yatsika kale kuchokera kuphiri la Michiru.

Madontho oyamba akugwa, matumba onse awiri a Tobiyasi analira nthawi imodzi. Anatulutsa yofiira osayang'ana n'komwe.

"Amalume, mwaona mmene ndawaswera?"

"Amalume ake ndani?" Anali mawu a mayi Nachisale.

Tobiyasi anaichotsa foniyo pakhutu, naitembenuza. Kava inali yofiira ndithu. Anatulutsa yobiriwira n'kuiika pakhutu linalo.

"Madamu, dikirani pang'ono, mawu anu akutulukira kolakwika."

"Mkamwini," anatero mawu a a Matewere, "mukunditchula kuti chiyani?"

Mabwana onse awiri anamva mawu a mnzawo akuchokera pafupi, kuseri kwa chinsalu. A Matewere anasuzumira kunja kwa tenti yawo, mayi Nachisale anasuzumiranso kunja kwa yawo. Anaonana maso ndi maso, ndipo pakati pawo panali munthu mmodzi, foni khutu lino, foni khutu linalo.

A Matewere anali munthu wabwino mtima, wochedwa kuganizira mnzake zoipa. Nkhope yawo inawala.

"Mkamwini, ndiye kuti mwamupeza mnyamata wa ku Liwiro uja? Mwamulanda foni?"

"Mukuti mkamwini?" anatero mayi Nachisale. "Awa ndi wolemba wanga. A Kamphonje, foni inayo mwalanda kwa wa ku Dumpha uja, eti?"

Onse awiri anadikira yankho. Anthu anali atayamba kuunjikana. Bodza limene likanakwanira mbali imodzi silikanakwanira inayo, ndipo Tobiyasi anatsitsa manja.

"Ndamupeza, amalume. Ndi ineyo."

"Wa ku Liwiro ndinu?"

"Eya."

"Nanga wathu uja, wolemba mofooka?"

"Ndi ineyonso."

A Matewere anavula chipewa, nakanda mutu, nachivalanso.

"Dikirani. Amene amakutukwanani tsiku ndi tsiku uja ndani?"

"Ndi ine, amalume."

"Ndipo inu mumakwiya?"

"Zimawawa, amalume. Amadziwa pondigunda."

"Ndiye ine ndimafuna kuchotsa ndani kuti ndilembe ndani?" anafunsa a Matewere, koma funso limenelo ankafunsa kumwamba.

Apo Felesiya anatuluka mu tenti, ambulera yopinda ili m'manja. Anayang'ana mayi Nachisale kuyambira ku duku mpaka ku nsapato.

"Madamu ndi inu?"

"Mwana wanga, ine ndili ndi zidzukulu," anatero mayi Nachisale. "Amuna akowa ndinangowapatsa foni."

Mungaganize kuti Felesiya anasangalala, poti chibwenzi panalibe. Sanasangalale. Anatembenukira kwa a Matewere.

"Amalume, ine ndinabwera kudzadandaula za chibwenzi. Mlandu umenewo ndimaudziwa poyambira ndi pothera. Koma uwu ndi mlandu wanji?"

"Sindikudziwa, mwanawe. Maukwati ndakonzapo ambiri, koma munthu wodzichitira yekha nsanje sindinamuweruzepo."

"Bambo a Tawina," anatero Felesiya, mawu ake atatsika, "ine ndinkadana naye munthu wa ku Liwiro chifukwa cha inu. Ndinkamupempherera zoipa. Mukabwera nkhope itagwa ndinkakutonthozani, ndinasiya n'kupereka moni kwa mnzanga wogulitsa Liwiro pamsika. Nthawi yonseyi mdani wanuyo ndimamuchapira malaya?"

Tobiyasi anaweramitsa mutu n'kuyang'ana mafoni awiri aja m'manja mwake. Ndipo mvula ija inasiya kuchenjeza, inagwa yeniyeni, yokhala ngati wina wagubuduza ndowa.

Anthu anabalalika. Osewera anathawa ndi chikho chawo, ojambula anabisa makamera m'malaya, aliyense analowa mu tenti ya mtundu wa botolo limene anagwira. Tobiyasi anathamangira ku yofiira. A Matewere anaima pakhomo, natambasula dzanja, nalandira foni imodzi, kaya inali yawo kaya ayi.

"Muno ndi mwa anthu akumwa madzi otsukira mbale, mkamwini. Sitingakudetseni. Pitani kwa Madamu."

Anathamangira ku yobiriwira. Mayi Nachisale analandira foni yotsalayo n'kuiponya m'chikwama.

"Muno mungatsegule m'mimba, a Kamphonje. Pitani kwa amalume anu."

Anabwerera ku yofiira, anapeza atseka ndi mipando. Anapitanso ku yobiriwira, anyamata a Njati anali ataima phewa ndi phewa, ndipo anyamata amenewo si oti n'kukankhana nawo. Anabwerera mu kampata kake kaja. Koma denga la tenti yofiira linkakhuthulira madzi ake momwemo, la yobiriwira momwemonso, moti munthu woima pabwalo poyera ankanyowa pang'ono kusiyana ndi iye.

"Mayi a Tawina," anaitana, madzi akulowa m'kamwa, "tandibwerekani ambulera."

Felesiya anali pakhomo pa tenti. Anamuyang'ana kwa kanthawi, ndipo ndikukhulupirira kuti chisoni anali nacho, chifukwa anapukuta m'maso.

"Ndibwereke ati, a ku Dumpha kapena a ku Liwiro?" anafunsa. "Amene ndinakwatiwa nawo aja akapezeka, akandipeze kwa amayi."

Anatambasula ambulera yake, nayenda osacheuka mpaka pa galimoto ya amalume ake.

Ine nthawi yonseyi ndinali pansi pa tebulo la olemba zigoli, mawondo ali kukhosi, titapanikizana ndi mayi wina wosunga nthawi ya masewero. Malo anali ochepa, msana unkawawa, koma dontho silinatikhudze. Tinkamuona Tobiyasi ali njo pakati pa matenti aja, malaya atamatirira pathupi, matumba onse awiri ali pululu, akuyang'ana kumanja, kenako kumanzere, kenako kumanjanso.

"Aphunzitsi, ine sindikumvetsa," anatero mayi uja kwa ine. "Ife tili ndi katebulo kamodzi, tauma. Uyo ali ndi matenti awiri athunthu. Akunyoweranji?"

Ndinapukuta wezulo pa malaya, ndinamuyang'ananso munthu uja, ndipo ndinati, "Mayi, mapanga awiri avumbwitsa."